Feteleza wa amayi anga watengedwa ndi ndani?

Inu akuluakulu oyang'anira depoti ya feteleza wotsika mtengo kuno kwathu ku Zomba, ndalemba pano poti foni yanu imangoitana osayankhidwa, ndiye mwina pagulu pano mumva.

Amayi anga amakhala kwa Mwambo, kumunsi uko cha ku nyanja ya Chilwa. Dzina lawo linatuluka pa AIP ya 2024/25, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, amfumu anawerenga pamsonkhano aliyense akumva. Anagulitsa mbuzi yawo imodzi yomweyo kuti apeze K30,000 ya matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, K15,000 thumba limodzi ngati mmene boma linalengezera. Ndalamayo ikadali yomanga pansonga ya chitenje mpaka lero.

Ulendo woyamba akuti netiweki palibe. Wachiwiri akuti wokulitsa watha dikirani thiraki. Wachitatu ndinawaperekeza ndekha, sabata yathayi kaya linali Lachitatu kaya Lachinayi, tinanyamuka kusanache nkukhala pamzere dzuwa lonse osadya kanthu, amayi atakhala pansi pamtengo wa mango miyendo itatupa. Titafika pawindo cha m'ma 3 koloko kamnyamata kanu kaja kanatenga chiphaso cha unzika, kusikana pafoni, basi nkunena osatiyang'ana nkomwe kuti "agogo inu munatenga kale, tasunthani mukutchinga anzanu." Ine kufunsa mwaulemu kuti achimwene anatenga liti, anasaina ndani, tionetseni, iye kungoponya chiphasocho. Chinagwera m'fumbi. Amayi anga, munthu wamkulu woti angakhale agogo ake enieni, anawerama kutola nkuchipukuta ndi chitenje anthu onse akuona. Chimenechi ndiye chikundiwawa kuposa ndalama, mpaka pano ndikakumbuka mtima umachita kuthamanga.

Komanso ndalamayo tiwerengere. Kabaza K3,500 kupita K3,500 kubwera, maulendo atatu ndi K21,000, kuphatikiza yanga ya tsiku lomalizalo K7,000, yonse K28,000 yathera panjira, pafupifupi mtengo wa matumba awiri omwewo, feteleza osamuona.

Abale anga amene mukuwerenga, tandiuzani, zikutheka bwanji kuti munthu amene chiphaso chake amagona nacho pansi pa pilo akhale kuti anatenga kale? Tsiku lomwelo kuseri kwa depoti mavenda amakweza matumba panjinga, wina atatu wina anayi, palibe anaima pamzere, tinaona ndi maso athu ndipo sindinali ndekha. Kushopu ndinakafunsa thumba limodzi lapitirira K100,000, mayi wamasiye aitenga kuti? Mvula inagwa kalekale, chimanga chafika m'mawondo masamba achita chikasu, nthawi yothira wokulitsa yadutsa. Chilala cha 2024 chija tinapulumukira chimanga chogula, chaka chinonso mukufuna tibwerere komweko?

Zomwe ndikufuna nzosavuta. Mutionetse tsiku ndi nthawi imene chiphaso cha amayi chinasikanidwa ndi amene anasikana, muwapatse matumba awo awiri, ndipo mnyamata uja awapepese pamaso pa anthu ngati mmene anawanyozera. Lachisanu likadutsa muli chete ndikupita kwa DC, kuchoka apo ku ACB, bungwe lothana ndi katangale, ndipo azimayi ena anayi a m'mudzi mwathu amene anauzidwanso kuti anatenga kale avomera kuti tipitira limodzi mpaka ku wayilesi. Zithunzi za njinga zija ndili nazo mufoni muno.