Uyambe ndi nthaka, pepala libwere pambuyo

Mwana wanga wokondedwa,

Kalata yako yandipeza, ndipo kuno tonse tili bwino. Wanena kuti akupatsa phunziro la jogalafe, ndiponso kuti ana a m'kalasi mwako amaloweza mawu onse koma ukawayalira mapu amangokuyang'ana. Phunziro limeneli ndalikonda moyo wanga wonse, ndiye undilole ndilankhulepo.

Anawo usawaimbe mlandu. Mwana wouzidwa kuti chigwa ndi malo otsika pakati pa mapiri angathe kulemba zimenezo pamayeso n'kukhoza, chonsecho sakudziwa kuti timizere ta papepala tija tikunena za nthaka yeniyeni imene munthu amaponda. Choncho usayambe ndi mapu a dziko lonse. Uwatulutse panja, ayeze bwalo la sukulu ndi chingwe, kenaka alijambule monga momwe lingaonekere kwa munthu amene ali m'mwamba. Sipatenga nthawi, wina adzadandaula kuti bwalo la mamita 100 silingakwane pa tsamba la kope. Apo ndiye uwauze za sikelo, atayamba aifuna okha. Akagwirizana kuti sentimita imodzi iziimira mamita 10, sadzachitanso mantha akaona 1:50,000 m'munsi mwa mapu. Adzawerengera kuti sentimita imodzi papepala ndi masentimita 50,000 pansi, omwe ndi mamita 500, ndipo masentimita awiri ndi kilomita yathunthu. Msewu wokhotakhota aziuyeza ndi ulusi, kenaka n'kuwongola ulusiwo pa rula.

Mapu opachika pakhoma amasokoneza ngakhale akuluakulu. Poti kumpoto kumakhala kumwamba kwa pepala, mwana amayesa kuti kumpoto n'kumtunda, ndipo kuti mitsinje yonse imatsetserekera kummwera. Umuonetse mtsinje wa Nile, womwe umachokera m'kati mwa Africa n'kulowera kumpoto mpaka kukathira m'nyanja ya Mediterranean. Madzi amangotsata kumene kwatsika. Tsitsa mapuwo pakhoma, uwayale pansi, uwatembenuze mpaka kum'mawa kwa papepala kuloze kotulukira dzuwa. Kampasi ikapezeka ndi bwino, koma uwauze kuti singano yake imaloza kumpoto kwa maginito, komwe kumasiyanako pang'ono ndi kumpoto kwenikweni.

Pamene ndikufuna uchedwepo ndi pa mizere ya contour, yofiirira ija imene imadzaza mapu a kumapiri. Mzere uliwonse umalumikiza malo onse amene akwera mofanana, kuwerengera kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja yamchere. Kunena pakamwa n'kosavuta, koma kuti mwana aone phiri litaima papepala lathyathyathya, manja ake ayenera kugwirako. Tenga mwala waukulu, woimirira mbali imodzi ndi wopendekeka mbali inayo, uwuike m'beseni. Thira madzi ofika masentimita awiri, ndipo mwana akande ndi msomali kuzungulira mwalawo pamene madzi alekezera. Onjezera masentimita awiri ena, akandenso, mpaka mwala umire. Ukakhuthula madziwo, aweramire mwalawo kuchokera pamwamba. Adzaona okha kuti kumbali yoimirira mizere yathithikana, pomwe kumbali yopendekeka yatalikirana. Adzamvetsanso chifukwa chake mizere iwiri sidutsana, pakuti malo amodzi sangakhale ndi misinkhu iwiri. Ukabwerera nawo pa mapu enieni, uwasonyeze pamene mizereyo ikuwoloka mtsinje. Imapinda ngati chilembo cha V, ndipo nsonga yake imaloza komwe madzi akuchokera. Mwana wodziwa zimenezi angakuuze kolowera mtsinje umene sanauonepo, ndipo tsiku limenelo udzaona nkhope yake ikuwala.

Za latitude ndi longitude, mizere yongoganizira imene imatithandiza kupeza malo pamapu (ya latitude yopingasa, ya longitude yochokera kumpoto kupita kummwera), usazisandutse masamu ouma. Latitude imayambira pa 0 pa ikweta, mzere wozungulira dziko pakati penipeni, n'kukathera pa madigiri 90 kumpoto kapena kummwera kwenikweni kwa dziko, ndipo digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111. Ikweta palibe anaisankha, imabwera chifukwa cha mmene dziko limazungulirira. Koma kuti longitude iziyambira ku Greenwich, mu mzinda wa London, anthu anachita kugwirizana pamsonkhano wa ku Washington m'chaka cha 1884. Ana amakonda pamene mizereyi yakumana ndi wotchi. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ola, ndiye dzuwa likakhala paliwombo ku Greenwich, kwa munthu amene ali madigiri 30 kum'mawa amakhala atadutsa kale maola awiri chifikireni dzuwa paliwombo.

Pali choonadi china chimene sindikufuna uwabisire. Palibe mapu athyathyathya a dziko lonse amene amaonetsa zonse molondola. Dula mpira wakale, uwauze auyale patebulo popanda kuukoka kapena kuung'amba, aone ngati zitheka. Mapu amene Gerardus Mercator anajambula mu 1569 anathandiza kwambiri oyendetsa zombo, chifukwa njira yotsata kampasi inkaoneka ngati mzere wowongoka. Koma kuti zimenezo zitheke, maiko akutali ndi ikweta anafufuma. Pa mapu amenewo Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, pamene Africa ndi wamkulu kuwirikiza pafupifupi ka 14. Zimandipweteka kuganiza kuti anthu ambiri akalamba ali ndi chithunzi chopotoka chotero m'mutu. Ngati sukulu yako ili ndi globe, mapu a dziko oburungira ngati mpira, isamangokongoletsa ofesi, izikhala m'manja mwa ana.

Ukafika pa mapiri, zigwa ndi zidikha, funso likhale lakuti, “Chinachitika n'chiyani pano?” Mndandanda wa maina ndi manambala umaiwalika mayeso akatha, koma nkhani ya mmene malo anapangikira imakhalitsa. Pansi pomwe tapondapa ndi zibenthu zikuluzikulu za thanthwe zimene zimasuntha masentimita ochepa pachaka. Chibenthu chonyamula India chinagundana ndi cha Asia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, miyala n'kupindikira m'mwamba, ndiwo mapiri a Himalaya amenewo. Pansonga pa Everest, mamita 8,849 m'mwamba, pali miyala imene inapangika pansi pa nyanja, ndipo muli zotsalira za tizamoyo ta m'madzi. Kilimanjaro, wa mamita 5,895, mbiri yake ndi ina, anamangika ndi chiphalaphala chotentha chotuluka pansi. Kum'mawa kwa Africa nthaka ikung'ambika, ndipo pakati pa ming'aluyo pakutitimira. Nyanja za Tanganyika ndi Malawi zili m'chigwa chimenechi, n'chifukwa chake ndi zazitali, zowonda ndiponso zakuya, moti Tanganyika amapitirira mamita 1,400 kupita pansi. Zimene mphamvu za pansi zakweza, madzi ndi mphepo zimaperesa pang'onopang'ono. Izi sufunika kuzifuna kutali. Mvula ikangokata, pita nawo pamene madzi akumba ngalande, aone pomwe dothi lakokoloka ndi pomwe lakaunjikana. Mathiriro a Nile, aja otambasuka ndi a chonde, anapangika mwa njira yomweyo, kungoti ndi aakulu.

Zigawo za dziko nazonso uziphunzitse ndi zifukwa zake. Afunse okha kuti madzi oundana akutani pamwamba pa Kilimanjaro, phiri loyandikana ndi ikweta. Yankho lake ndi lakuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri a Celsius 6 kapena 7. Chipululu asamachione ngati mchenga ndi dzuwa basi. Chimene chimachititsa malo kukhala chipululu ndi kusowa kwa mvula, kawirikawiri yosafika mamilimita 250 pachaka, n'chifukwa chake Antarctica, kozizira koopsa kuja, amawerengedwa chipululu pamodzi ndi Sahara. Uwachenjezenso kuti pamapu chigawo chimatha ndi mzere wakuthwa, chachikasu uku chobiriwira uku, koma pansi sizili choncho. Wochoka ku Sahara kulowera kummwera amayenda makilomita mazanamazana m'dera la Sahel, udzu ndi mitengo zikuchuluka pang'onopang'ono.

Ndikudziwa kuti silabasi imathamangitsa, ndipo mawu aja ayenera kuwadziwabe pamayeso. Uziwapatsa mawuwo atachiona kale chinthucho. Maphunziro awiri kapena atatu amene udzathere panja adzakubwezera nthawi pamene udzafike pa mafunso a mapu.

Amayi ako akupereka moni. Undilembere mmene ziyendere.

Ndine,
Bambo ako