Dandaulo la TV imene ikudula m'mbali mwa chithunzi cha kompyuta

Kwa Mkulu wa Nthambi Yoona za Makasitomala,

Bwana,

Ndalemba kalatayi podandaula za TV ya mainchesi 43 imene ndinagula ku kampani yanu, yomwe ikudula chithunzi m'mbali zonse zinayi ndikailumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha HDMI, komanso podandaula za mayankho amene ogwira ntchito anu akhala akundipatsa pa nkhaniyi. Risiti ndi nambala ya TV-yi ndaziphatikiza ku kalatayi, ndipo nyengo imene munalonjeza kukonza ulere vuto lililonse lochokera ku fakitale sinathe.

Pa bokosi munalemba kuti TV-yi ndi ya Full HD, yoonetsa mapikseli (timadontho ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi) 1920 mopingasa ndi 1080 kuchokera pamwamba kufika pansi, ndiponso kuti ingathe kugwira ntchito ngati sikirini ya kompyuta. Mawu amenewa ndi amene anandichititsa kuigula. Kompyuta yanga ikutumizadi chithunzi cha 1920 x 1080, koma TV-yi ikuchikulitsa pang'ono, n'kutaya zonse zimene zasefukira kunja kwa galasi. Kamzere ka pansi ka Windows, komwe kumakhala batani la Start ndi wotchi, kakungooneka kumtunda kwake kokha. Ka X kotsekera pulogalamu pakona yakumanja kakubisika, moti ndimachita kupapasa ndi mausi amene muvi wake nawonso umazimirira ukafika m'mphepete. Ndikatsegula Excel, manambala a mizere a kumanzere kuja sakuoneka n'komwe, ndipo munthu wowerengetsa ndalama sangagwire ntchito motero.

Vuto limeneli ndi lodziwika bwino, ndipo akatswiri anu ayenera kuti akulidziwa ndi dzina lakuti overscan. Linayamba nthawi ya ma TV akale aja okhala ndi chubu chagalasi kumbuyo, amene sankatha kuika chithunzi pamalo amodzimodzi ndendende. Opanga ake ankachikulitsa dala kuti m'mbali musamaoneke mizere yakuda, ndipo nyumba zoulutsa mawu ndi zithunzi zinkaika zolemba zonse zofunika chapakati, podziwa kuti m'mphepete mudulidwa. Galasi la masiku ano lili ndi mapikseli a chiwerengero chokhazikika amene sasuntha, choncho chifukwa chija chinatha. Pa filimu kapena mpira munthu sangazindikire kuti pali chimene chasowa, koma kompyuta imagwiritsa ntchito pikseli iliyonse mpaka yakumapeto. TV ikangodula 2.5 peresenti mbali iliyonse, ndiye kuti patayika mapikseli 48 kumanzere, 48 kumanja, 27 pamwamba ndi 27 pansi, pamene kamzere ka pansi ka Windows 11 ndi ka mapikseli 48 okha.

Nditafotokoza zimenezi ku nthambi yanu, ndinauzidwa kuti ndigule chingwe china. Chingwe cha HDMI chimanyamula uthenga wa manambala, ndipo chikawonongeka chithunzi chimathwanima, chimachita timadontho kapena chimazimiratu. Sichingasankhe kudula m'mbali mokha n'kusiya pakati pali bwinobwino. Chingwe chomwechi ndi kompyuta yomweyi zikuonetsa chithunzi chathunthu pa sikirini wamba ya kompyuta, pamene laputopu ina ikulandira kudulidwa komweku ikalumikizidwa ku TV yanu. Pamenepa palibe chokayikitsa kuti cholakwika chili mu TV.

Yankho lachiwiri linali lakuti ndichepetse chithunzi kuchokera ku kompyuta, ndipo limeneli ndi limene landikhumudwitsa kwambiri chifukwa likuoneka ngati lothandiza pamene likungobisa vuto. N'zoona kuti mapulogalamu a NVIDIA, AMD ndi Intel, makampani opanga zipangizo zotulutsa chithunzi mu kompyuta, ali ndi pochepetsera chithunzi chopita ku HDMI kuti chikwane. Koma taonani chimene chikuchitika: kompyuta ikufinya chithunzi kufika pa 1824 x 1026, kenako TV ikuchitambasulanso kuti chidzaze galasi la 1920 x 1080. Pikseli ya kompyuta siikugweranso pa pikseli ya galasi, ndipo zilembo zing'onozing'ono zikuoneka zofufuma m'mbali ngati inki imene yalowerera papepala lonyowa. Mizere yopyapyala ya matebulo ina ikunenepa, ina ikuchita kuzilala, ndipo maso amawawa munthu akawerenga kwa kanthawi. Ndinalipira galasi la Full HD, ndipo sindingavomereze kuti ndiligwiritse ntchito ngati lochepera apo pofuna kuphimba cholakwika chimene si changa.

Njira yoyenera ndi yozimitsa overscan mu TV momwemo, ndipo opanga ena anaika kale pochitira zimenezi: pa LG pali Just Scan, pa Samsung pali Fit to Screen, pa Sony pali Full Pixel, pa Sharp pali Dot by Dot. Kabuku kanu ka malangizo nakonso kakunena kuti posankhira kukula kwa chithunzi pali njira yoonetsa chithunzi chonse osadula. Pa TV yangayi, ndikadina batani limenelo pa rimoti, pakungobwera 16:9, 4:3 ndi Zoom basi, ndipo zonsezi zikudula. Kusintha dzina la doko la HDMI kuti likhale PC, komwe kumathandiza pa ma TV ambiri, sikunasinthe kanthu, ngakhalenso kusamukira pa doko lina kapena kuibwezera TV mmene inalili pochoka ku fakitale. Ndionjezere kuti malamulo a CTA-861, amene HDMI imatsatira, amapatsa kompyuta njira youzira TV kuti chithunzi chisadulidwe, kotero nkhaniyi si yachilendo kwa aliyense wopanga TV.

Mmodzi mwa ogwira ntchito anu anandinong'oneza kuti mwina zingatheke kudzera pa menyu yobisika ya amisiri. Sindinayese, ndipo sindikuona kuti ndi malangizo oyenera kupereka kwa kasitomala pakamwa pokha, popeza munthu akasokoneza china m'menemo akhoza kuwononga TV, kenako n'kuuzidwa kuti lonjezo lokonza ulere lija latha chifukwa anagwira posayenera.

Choncho ndikupempha kuti mutulutse pulogalamu yatsopano ya TV-yi imene ibweretse njira yolembedwa m'kabuku ija, kapena mmisiri wanu azimitse yekha overscan pa madoko a HDMI popanda ine kulipira kalikonse. Ngati TV ya mtundu umenewu singathe n'komwe kuonetsa chithunzi chonse cha kompyuta, mundiuze poyera, ndipo mundisinthire ndi ina imene ingathe kapena mundibwezere ndalama zanga zonse, chifukwa zolembedwa pa bokosi zidzakhala kuti sizinali zoona. Ndikupemphanso kuti ogwira ntchito anu afotokozeredwe bwino za vutoli, kuti makasitomala asamatumizidwe kukagula zingwe zimene sizingathandize.

Ndikuyembekeza yankho lanu lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Zithunzi zoonetsa m'mbali modulidwamo ndaziphatikiza pamodzi ndi risiti, ndipo ndine wokonzeka kupereka TV-yi kwa mmisiri wanu kuti adzionere yekha.

Ine wanu,

Kasitomala wodandaula