Kalata ya Tadala yochokera ku Minoh

Wokondedwa Tadala,

Ndine azakhali ako. Uli bwanji, mwanangu? Ine kuno ku Japan ndili bwino ndithu. Ndikulemba kalatayi nthawi ya 9 koloko usiku, pomwe kwanuko ndi 2 koloko masana, chifukwa kuno kumacha msanga, tili patsogolo panu ndi maola 7. Ndiye iwe ukamadya nsima yako utaweruka kusukulu, ine ndimakhala ndikuyala pogona.

Bambo ako andiuza zinthu ziwiri pa foni. Akuti tsiku lomwe munkapita ku Limbe unawafunsa za zilembo zachilendo zolembedwa m'mbali mwa minibasi, ndipo iwo anati ufunse ine. Akutinso sabata yatha unalira chifukwa kuwerenga kwa mu Sitandade 2 kukukuvuta. Zonse ziwirizi zandikhudza, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere.

Zilembo unaziona zija ndi za Chijapani. Magalimoto ambiri a kwathu anayamba agwira ntchito kuno ku Japan, ena ankanyamula ana a sukulu ya mkaka, ena alendo a kuhotela, ndipo anabwera kwathu dzina la eni ake oyamba lidakali pathupi. Chilankhulo chimenecho ndi chomwe ndikuphunzira pa yunivesite ya Osaka, mu tawuni yotchedwa Minoh. M'kalasi mwathu muli anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, tonse akuluakulu, koma timakhala chete kulemba chilembo chimodzi kakhumi, ngati mmene umachitira iwe.

Ajapani ali ndi mitundu itatu ya zilembo. Mtundu woyamba ndi hiragana, zilembo 46 zopindikapindika. Wachiwiri ndi katakana, nazonso 46, zomwe amalembera mawu ochokera kunja. Dzina la dziko lathu amalilemba ndi zimenezi, ndipo amalitchula kuti Maraui. Mtundu wachitatu ndi kanji, zomwe zinachokera ku China kalekale, ndipo izi ndiye zilipo zambirimbiri. Mwana wa kalasi yoyamba amaphunzira kanji 80, ndipo pomaliza zaka 6 za pulayimale amakhala atadziwa 1,026. Munthu wamkulu amayenera kudziwa 2,136 kuti aziwerenga nyuzi bwinobwino. Ine ndidakali kutali, Tadala. Nditangofika kumene ndinkalephera kuwerenga ngakhale pa paketi ya mchere m'sitolo, ndipo tsiku lina ndinabwerera kuchipinda misozi ili m'maso. Choncho kulira kwako kuja ndikukudziwa.

Koma taona kukoma kwake. Kanji zina zinayamba ngati zithunzi. Ichi 木 ndi mtengo: uli ndi thunthu, nthambi ndi mizu. Ukaika mitengo iwiri, 林, chakhala kankhalango. Ukaika itatu, 森, yakhala nkhalango yowirira. Ichi 川 ndi mtsinje, madzi akutsetsereka m'mizere itatu, ndipo ichi 山 ndi phiri la nsonga zitatu. Ndikachilemba ndimakumbukira phiri la Mulanje mmene limaonekera kukacha bwino. Phiri lawo lalitali kuno ndi Fuji, lotalika mamita 3,776, loposa nsonga yathu ya Sapitwa ndi mamita oposa 700.

Pa katchulidwe pokha ndiye ife a Chichewa tili ndi mwayi. Ajapani ali ndi a, e, i, o, u ngati ife tomwe, kungoti iwo amaziyala kuti a, i, u, e, o. Mawu awo amayenda ngati athu, ka, ki, ku, ma, mi, mu, moti aphunzitsi anandifunsa kuti lilime langa lazolowera bwanji msanga chonchi. Ndipo pali mawu ena ofanana ndi athu ndendende koma tanthauzo lake ndi lina. Iwo akati mame akunena nyemba, osati mame a m'mawa pa udzu. Akati uta akunena nyimbo, osati uta wa mlenje. Akati ine akunena mpunga umene udakali m'munda. Koma mawu omwe ndimawakonda kuposa onse ndi uchi. Kwathu uchi ndi wa njuchi, kuno uchi ndi kwanu, kunyumba komwe umachokera. Mnzanga wina atandiuza kuti akupita ku uchi, ndinangoti zii, mtima uli kwa agogo ako, kwa iwe ndi pakhonde pathu paja.

Tsiku loyamba kulandira pepala la mayeso ndinaona aphunzitsi azunguliza timizere tofiira paliponse. Ndinada nkhawa poganiza kuti ndi maziro okhaokha. Mnzanga wokhala naye pafupi ndiye anandimasulira kuti kuno akazunguliza ndiye kuti wakhoza, amati maru. Mwana akakhoza bwino kwambiri amamujambulira duwa lozungulira, dzina lake hanamaru. Ine ndalandirapo limodzi, ndipo ndalisunga kuti ndidzakuonetse.

Sitiphunzira zilembo zokha ayi, timaphunziranso chikhalidwe chawo, ndipo pamenepa ndi pomwe ndimakumbukira kwambiri malangizo a agogo ako. Paja iwe sungauze munthu wamkulu kuti "iwe", umati "inu". Ajapani nawonso ali ndi kalankhulidwe kaulemu kotchedwa keigo, ndipo mawu oti kudya, kupita kapena kuona amasintha ukamalankhula ndi wamkulu. Anzanga ena m'kalasi zimawazunguza mutu, amafunsa kuti n'chifukwa chiyani pali mawu awiri a chinthu chimodzi. Ine mawuwo amandivuta kuloweza, koma chifukwa chake sindifunsa, ndinachiphunzira ndili msinkhu wakowu. Popereka moni amawerama. Mphatso amalandira ndi manja awiri ngati kwathu. Nsapato amavula pakhomo. Asanadye amanena kuti itadakimasu, kutanthauza kuti "ndikulandira modzichepetsa", ndipo akamaliza amathokoza kuti gochisosama.

Ana a msinkhu wako kuno amayamba chaka cha sukulu mu Epulo, maluwa a mitengo ya sakura akamachita mbuu. Amayenda okha m'timagulu, atabereka zikwama zolimba zotchedwa randoseru, ndipo amasesa ndi kukolopa okha m'kalasi monga mumachitira inu. Ndikawaona m'mawa ndimaganiza za iwe.

Loweruka lapitali ndinapita kumathithi a Minoh, komwe madzi amagwa kuchokera pamwamba mamita 33. Ino ndi Novembala, masamba a mitengo ya momiji afiira psuu phiri lonse, ndipo kwayamba kuzizira pomwe inu mukudikira mvula. M'mbali mwa njira amagulitsa masamba omwewo okazinga mu ufa wotsekemera, ndipo ndinalawa. Pobwerera ndinacheza ndi bambo ena achikulire pa benchi. Nditawauza komwe ndimachokera anandiyang'ana n'kunena kuti "Muli bwanji?" Anagwirako ntchito ku Malawi ali mnyamata, m'gulu la Ajapani odzipereka omwe akhala akubwera kwathu kuyambira 1971. Chichewa chawo chinali chitatsala pang'ono, Chijapani changa nachonso n'chochepa, koma tinacheza mpaka dzuwa kupendeka.

Tsopano ndikupemphe kanthu. Ukadzaonanso minibasi ya zilembo zija itaima, uwapemphe bambo ako aijambule, iwe ukazikopere mu kope lako pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba kutsika pansi, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Amayi ako anditumizire pa WhatsApp, ndipo ine ndikaziwerenga ndikuuza komwe minibasiyo inkayenda isanafike kwathu. Zikandikanika ndikafunsa aphunzitsi anga. Unditumizirenso mawu ako ukuwerenga tsamba limodzi la buku lako la Chichewa, ngakhale uzikakamira pena ndi pena, ndikufuna ndikumve.

Undiperekere moni kwa agogo, kwa amayi ako ndi kwa mng'ono wako. Uwauze agogo kuti juzi anandipatsa ija ndayamba kuivala.

Ndine azakhali ako okukonda.