Pampu ndi yamoyo, koma ubise nyundo ija

Mnzanga,

Uthenga wako wafika Lachiwiri. Moni sunapereke, unangoyamba ndi kulira maliro a ekisikaveta. Kodi ku Tete kwatentha motani kuti munthu aiwale kufunsa za ana?

Ukuti injini ikulira bwinobwino koma mkono sukukwera, matcheni sakuyenda, ndipo abwana ako ayamba kale kufunsa mtengo wa pampu ya haidiroliki yatsopano. Auze adekhe. Ika geji ya presha pa pilot, kapampu kakang'ono kotumiza oilo ku ma lever. Pa makina ambiri a matani 20, kapampu ka pilot kamazungulira limodzi ndi pampu yaikulu, ndiye ngati nakonso kali pa ziro, mwina palibe chikuzungulira kumeneko. Kawirikawiri yafa ndi coupling, cholumikizira cha labala chapakati pa flywheel ya injini ndi pampu. Suzumira pansi pa housing, chitsulo chokuta coupling. Ukapeza fumbi lakuda ngati makala osinja, tizidutswa ta labala kapena ta aluminiyamu, mlandu watha.

Kuti uchotse pampu, tsitsa bakete pansi, zimitsa, gwedeza ma lever kuti presha ithe, masula pang'ono chivundikiro cha thanki, chotsa batire. Oilo wa haidiroliki umukhuthulire m'migolo yoyera, osati ija mumasungira dizilo. Payipi iliyonse uilembe nambala ndi kuitseka kukamwa, chifukwa mchenga wodzaza kasupuni ndi wokwanira kudya mapisitoni. Pampuyo imapitirira makilogalamu 100, uikoleke pa chain block usanamasule bawuti lomaliza, ndipo ituluke mowongoka. Ikalendewera pa shafiti uwononga seal ndi bearing.

Tsopano nyundo. Ndikukudziwa iwe. Mlamu wako mpaka lero akamva chitsulo chikulira ku Chinika amati wabwera. Usanakhudze hub, chitsulo cha coupling chovalidwa pa shafiti ya pampu, yeza pomwe yakhala, ulembe mamilimita papepala. Masula mabawuti oimanga, uikoke ndi puller, chida chokokera. Ukaimenya, nkhonyayo imakathera pa bearing mkati mwa pampu, ndipo pamenepo abwana ako adzagula pampu ija zoonadi, adzaidula pa malipiro ako, udzabwerera kuno wapansi kudzera ku Chanida, nyundo paphewa, ine ndikukudyetsa mpaka mvula. Ufa wake uti? Thumba likutha ngati muli mbewa.

Hub ikatuluka yang'ana mano a shafiti. Ukaona ufa wofiira ngati dothi la katondo, hub inali yolekera, imadya manowo pang'onopang'ono. Mano osongoka ngati a sowo salandira hub yatsopano, pafunika shafiti ina. Kuwotcherera usayese, kutentha kupha seal ndipo tsiku lina palibe adzaichotse.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi: labala safa yekha. Pisa dzanja mu housing. Mukakhala monyowa, nunkhiza. Oilo wakuda ndi wa injini, akuchokera pa seal ya kumbuyo kwa crankshaft. Wowala ndi wa pampu. Oilo amafewetsa labala mpaka kunyenyeka, ndiye ukaika coupling yatsopano osasintha seal, udzandilemberanso kalata yomweyi. Ona ma mounting a injini, ndipo injector ikamadumpha ikonzedwe, kunjenjemera kumeneko kumathera pa coupling. Dalaivala akanamvera kugogoda kuja pa idle, injini ikulira pang'onopang'ono, bwenzi zonsezi kulibe.

Gula seti yonse, labala, ma insert (tizitsulo ta aluminiyamu) ndi mabawuti ake. Uwerenge mano a shafiti ndi kuyeza, usagule ndi maso. Zotchipa za mabokosi opanda dzina zija zadzaza kuno, anyamata ena aika kawiri chaka chino. Mabawuti atsopano kawirikawiri amabwera ndi guluu wouma kale, usawonjezere Loctite yamadzi yoti idonthere pa labala. Manga ndi torque wrench monga likunenera buku la makinawo, ndipo pomanga labala asapotoke. Usanalize injini dzaza oilo m'thupi la pampu, tulutsa mpweya pa pulagi yapamwamba, kenako ilire pa idle mphindi zingapo osagwira lever.

Paja agogo a ku Matero tinawaika mwezi watha. Anthu anafunsa za iwe, ine ndinangoti ntchito. Mpando wawo ukadali pakhonde, palibe akuusuntha.

Magetsi azimanso, foni yatsala 3 peresenti. Ndimafuna ndikuuzenso za sefa ya mu thanki, popeza oilo ukhala utakhuthula kale uyenera