Ndiwo zopanda nyama tili nazo kale, musatitumize ku supamaketi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo pa nkhani ya kaphikidwe kopanda nyama, mazira ndi mkaka, kamene achinyamata pa Facebook akukatcha vegan. Nkhaniyo payokha ilibe vuto, koma malangizo amene akuyenda m'manyuzi ndi m'mafonimu akungotchula mkaka wa almond, tchizi cha cashew ndi ma burger a m'paketi, zinthu zoti munthu wa kuno ku Lizulu akwere minibasi mpaka ku Lilongwe kuti akangoziona, kugula ndiye ayi. Ine ndimaphika nsima yogulitsa pamsika pano. Makasitomala anga ena ndi a Seventh Day ochokera cha ku Lake View ku Mlangeni, ena ndi ma Rasta ofuna chakudya chawo chopanda nyama chimene amati ital, enanso ndi azibambo amene adokotala anawaletsa nyama yamafuta chifukwa cha BP. Onsewa amadzuka atakhuta, ndipo palibe olo chimodzi chimene ndimaitanitsa kutali.

Bungwe la Vegan Society linayamba ku England mu 1944, pamenepo nkuti agogo athu akudya kale nkhwani wotendera. Ntchito imene kirimu amagwira mumphika wa azungu, kuno imagwiridwa ndi nsinjiro, msuzi umalimba nkumakoma popanda dontho la mkaka. Pa buledi pakani chiponde kapena peyala lakupsa ndi kamchere, majarini simuwafunanso. Zitumbuwa ndi nthochi ndi ufa basi, nthochiyo ndi imene imamata, dzira lilowamo bwanji? Chipere cha nyemba zochotsa makoko nacho sichifuna fupa.

Bowa ndiye musanene. Mvula ikakhazikika amayi amandandalika utale ndi manyame m'mbali mwa M1 kuchokera kuno mpaka ku Dedza, ndipo anthu ambiri amamuononga pomuthira madzi ngati akuphika nyemba. Muikeni mupoto wopanda kanthu ayambe watulutsa madzi ake, akauma ndiye muthire mafuta pang'ono, anyezi, kenako tomato, mumva fungo lake. Wotsala mfutseni mudzadye mu Okutobala. Koma gulani kwa anthu omudziwa, bowa wolakwika amapha banja lonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi soya. Timalima tokha, mavenda amabwera ndi masikelo awo okayikitsa aja nkutigula motchipa, kenako soya yemweyo amabwerera ali m'kapaketi ngati soya pieces ife nkumagulanso modula. Ku fakitale amayamba afinya mafuta, zotsalazo nkuzipera, nkuzidutsitsa m'makina otentha kuti zikhale timibulu tija. Sindikunyoza, inenso ndimaphika, ndimangotaya kapepala ka zokometsera kamkatimo chifukwa mchere wake ndi wambiri, ndimaviika m'madzi otentha, kufinya, kukazinga mpaka zifiire kenako ndiye tomato. Koma soya wa m'thumba mwanu uja atha kukupatsani zoposa pamenepo.

Viikani kapu imodzi ya soya usiku wonse. M'mawa mutikiteni ndi manja m'madzi momwemo makoko ayandame, muwataye, ndiye musinje mumtondo mpaka akhale phalaphala, amene ali ndi blenda ndi magetsi mwayi wawo. Thirani makapu 7 a madzi, sefani pa kansalu koyera nkufinya kwambiri. Madzi oyerawo wiritsani mphindi 20 mukutakasa ndipo musachokepo olo mwana alire, chifukwa amatukusira thovu nkusefukira nthawi imodzi, moto wonse kuzima. Kuwiritsaku si kwa fungo lokha ayi, soya wosapsa amasokoneza kugaya kwa chakudya m'mimba. Umenewo ndiye mkaka, wa mu tiyi kapena m'phala. Mukafuna ndiwo, uphuleni udikire pang'ono, finyiranimo mandimu pang'onopang'ono, muona ukugawikana, mibulu yoyera payokha madzi achikasu payokha. Kulungani mibuluyo m'kansalu, sanjikanipo mwala woyera kwa ola limodzi, chotuluka pamenepo ndi tofu yemwe ku China akhala akudya kwa zaka mazanamazana. Dulani timabokosi, kazingani, kapena mufwanyule ndi anyezi ndi tomato, ena amaganiza kuti ndi mazira. Zotsalira pa kansalu paja musapatse nkhumba, sakanizani mu chigumu. Vuto lake ndi lakuti opanda filiji tiyenera kudya tsiku lomwelo, mkakawu suchedwa kusasa.

Tsono pa nkhani ya organic, zolimidwa popanda fetereza ndi mankhwala a m'sitolo, tisanamizane. Kuti chinthu chachokera kumudzi sizitanthauza kuti sichinapoperedwe, tomato, kabichi ndi mbatatesi za kuno ndi ku Tsangano ambiri timathira mankhwala, nthawi zina mawa lake nkukagulitsa. Manyowa a Mbeya aja nawo amasakaniza ndi fetereza wa m'sitolo. Zimene ndingaikire umboni ndi chisoso, bonongwe ndi luni zomera zokha kuseri kwa khola, komanso soya, nzama, nandolo ndi khobwe, chifukwa mbewu zimenezi zili ndi timibulu kumizu tokoka chonde cha nayitrojeni kuchokera mumpweya, ndiye ndi manyowa a chimato zimabereka ndithu. Posunga nyemba amayi anga ankangothira phulusa losefa, anankafumbwe osayandikira. Mtedza ndiye samalani, olo ulimidwe popanda mankhwala, ukachita chuku umakhala ndi poizoni wa aflatoxin woononga chiwindi, ndipo khalidwe lowaza madzi kuti usavute kusenda ndi limene limabweretsa chukucho. Sankhani wofota ndi wakuda mutaye musanasinje.

China chimene olimbikitsa vegan pa intaneti amadumpha ndi vitamini B12. Ameneyu m'nyemba, m'masamba ngakhale mu soya mulibe, amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, ndipo akasowa magazi amachepa, manja ndi miyendo kumachita dzanzi. Wasiyiratu zanyama ayenera kumwa mapiritsi ake. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, limodzi mwa iwo ndi la zanyama, ndiye wamkulu akasankha kulisiya ndi ufulu wake koma mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono ayambe akafunsa ku sikelo. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, si dziko loti tizisewera ndi mbale ya mwana. Likuni Phala ndi chimanga ndi soya, eya, koma kausipa kosinja m'phalamo ine sindingamuletse mayi aliyense.

Pempho langa a Mkonzi, mukamalemba za kaphikidwe aka muziyeza ndi kapu ndi supuni osati magalamu, ndipo muzikumbukira kuti ambirife tikuphikira pa mbaula kapena pa mafuwa. Mtolankhani wanu akamadutsa pa M1 tsiku la msika atsike pa Lizulu, abwere ndi soya wake kapu imodzi yoviika kale.

Mayi wophika nsima,
Lizulu, Ntcheu