Lipoti la msonkhano wa za maonekedwe a sikirini

Mamembala anzanga, zikomo pondituma. Ndabwerako ku msonkhano uja wa akatswiri okonza pulogalamu yomwe timagwiritsa ntchito, ndipo dandaulo lanu ndinalitula monga munandiuzira: munthu amasankha maonekedwe akuda, koma mawa lake akatsegula amapeza zonse zabwerera kuyera kuti mbee.

Poyamba ena ankayesa kuti ndi nkhani ya zokonda chabe. Ndinawafotokozera za mnzathu uja amene maso ake amalengeza misozi akaona kuwala, mmene amatsinzinira, foni ili pafupi ndi mphuno, kufunafuna kabatani kosinthira m'mawa uliwonse. Apa onse anatchera khutu.

Gwero la vutoli analifotokoza momveka. Pakadali pano zimene mwasankha zimasungidwa mu browser (chotsegulira mawebusaiti, monga Chrome) ya chipangizo chanu chokha, mu cookie kapena localStorage, timalo timene browser imasungiramo zinthu. Mukafufuta mbiri ya browser, mukalowa mwa incognito (njira imene browser siisunga mbiri), kapena mukabwereka kompyuta ya wina, pulogalamuyo sikudziwaninso. A iPhone muli ndi vuto lina lapadera: kuyambira 2020, Safari, browser ya pa iPhone, imafufuta yokha zosungidwa zamtunduwu ngati mwaigwiritsa ntchito masiku 7 osalowa m'pulogalamuyo. Ndiye amene munkadziimba mlandu kuti mwina mukudina molakwika, mtima ukhale m'malo, simunalakwitse chilichonse.

Chomwe ndinalimbikira, ndipo anavomera, n'chakuti chisankhocho chizisungidwa mu akaunti ya munthu pa seva (kompyuta yaikulu ya eni pulogalamu), kuti chizimutsata kulikonse kumene walowera. Padzakhala zosankha zitatu: zakuda, zoyera, kapena kutsatira mmene foni yatcheredwa. Yachitatuyi ndi yotheka chifukwa Android 10 ndi iOS 13 zinabwera ndi maonekedwe akuda (dark mode) mu 2019, ndipo chaka chomwecho Chrome ndi Firefox zinayamba kuzindikira prefers-color-scheme, njira imene pulogalamu imadziwira maonekedwe amene foni yatcheredwa.

Panali pamodzi pomwe tinasiyana maganizo. Wina anati bwanji onse angopatsidwa zakuda, nkhani ithe. Ndinakana, chifukwa pakati pathu alipo amene zilembo zoyera pa malo akuda zimawaonekera zosokonekera, ngati zayenderera. Tinamvana kuti maonekedwe onse awiri atsatire muyeso wa WCAG (malangizo oti mawebusaiti azigwiritsika ntchito ndi aliyense), wa bungwe la W3C loika miyezo ya mawebusaiti, woti kusiyana kwa kuwala kwa zilembo wamba ndi kumbuyo kwake kusachepere 4.5:1.

Chimene chandisiya ndi nkhawa ndi kuthwanima koyera kuja kumene kumabwera kaye zakuda zisanaoneke. Akuti zimachitika chifukwa pulogalamu imayamba kujambula sikirini isanawerenge chimene munasankha. Anati aziunika, koma tsiku sanalitchule, ndipo usiku kuthwanima kumeneku kumalasa m'maso kwambiri. Nkhani imeneyi ndiibwezanso pa msonkhano wotsatira.

Apempha anthu oyesera zosinthazi zisanatulutsidwe. Amene mwakonzeka mundiuze mtundu wa foni yanu ndi browser imene mumagwiritsa ntchito, makamaka inu a mafoni akale.