Kapaipi ka pa distributor musamakatseke ndi msomali

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za chizolowezi chomwe ndimachiona m'magalaja ena pa magalimoto akale a petulo, makamaka timagalimoto tothamanga ta ku Britain ngati MGB tomwe anthu ochepa akusungabe. Galimoto ikangoyamba kuvutavuta, makaniko amazula kapaipi kaja kochoka ku kabureta (chida chosakaniza petulo ndi mpweya) kupita ku distributor (chida chogawa moto ku mapulagi) n'kutsekapo ndi sikuluwu kaya msomali, ati bwana aka kalibe ntchito kamangoba mpweya. Ndiye distributor yeniyeniyo ikatha amangokatola ina iliyonse ya kampani ya Lucas ku sikirapu, kaya inali ya Mini kaya ya Land Rover, bola yalowa pabowo injini yalira. Kulira imaliradi, koma mafuta imamwa ngati ili ndi ludzu la mu Okutobala, kutentha osanena, ndipo mwini wake amangoti ndi ukalamba wa galimoto.

Si ukalamba ayi. MGB anapanga ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, zoposa 500,000, injini yake ndi ya 1798cc ya masilinda 4, ndipo zambiri zikuyendabe bwinobwino m'maiko ena chifukwa eni ake amasamala nkhani ya taimingi, kutanthauza nthawi yomwe pulagi imathetheka. Petulo mu silinda satha kuyaka pakamodzi, amatenga kanthawi, ndiye pulagi imayenera kuthetheka pisitoni isanafike pamwamba kuti mphamvu ija idzakwane pomwe pisitoni yangoyamba kutsika. Kufulumiza moto chonchi distributor imachita m'njira ziwiri ndipo anzathu ambiri amadziwa imodzi yokha. Mkati mwa distributor, pansi pa mbale ya mapointi (kaswichi kotseguka ndi kutseka kuti moto upite ku mapulagi), pali tizitsulo tiwiri tolemera ndi timasipuling'i, injini ikamazungulira kwambiri tizitsuloto timatanuka n'kupititsa moto patsogolo. Koma timeneti timangodziwa liwiro la injini basi, sitidziwa ngati galimoto ikukwera chitunda cha ku Zomba Plateau itadzaza anthu kapena ikungoseseleka pamsewu wosalala phazi lili pang'ono pa akiseleta, kwa ito 2500 rpm ndi 2500 rpm.

Apa m'pamene kachitini kozungulira ka pambali pa distributor, komwe kapaipi kaja kamalowa, kamagwirira ntchito. Mkati mwake muli kachikopa ka labala ndi sipuling'i, ndi kamkono kokoka mbale ya mapointi. Mukaponda pang'ono chitseko cha kabureta chimakhala chotseguka pang'ononso, mapisitoni akukoka mpweya koma wolowa ndi wochepa, ndiye kuseri kwa chitsekoko kumakhala vacuum (mphamvu yoyamwa mpweya) yambiri, ndipo msanganizo wochepa wolowa mu silindawo umayaka mochedwa, umafuna moto ubwere msanga kwambiri. Vacuum ija imakoka kachikopa, mbale imatembenuka, moto umafulumira. Mukaponda mpaka pansi kuti mupitirire lole, chitseko chatseguka chonse, vacuum yatha, sipuling'i yabweza mbale, moto wabwerera mmbuyo kuti injini isagogode. Mukatseka kapaipi ndiye kuti paulendo wonse woyenda mwakachetechete uja, womwe ndi gawo lalikulu la ulendo uliwonse, moto ukubwera mochedwa, petulo wina akumalizira kuyaka valavu ya ekizozi itatseguka kale. Ndalama zanu zikungotenthetsa paipi ya utsi. Pamtengo wa petulo wa masiku anowu ine sindimvetsa munthu wolola zimenezi.

Ena amati koma magalimoto a mpikisano alibe kachitinika. Zoona, Mini Cooper S yoyambirira inabwera ndi distributor ya Lucas 23D yopanda vacuum, koma wa mpikisano amakhala ataponda mpaka pansi nthawi zambiri ndipo za mafuta alibe nazo ntchito, inu mukupita ku nyanja ndi madamu Loweruka.

Kuyesa kwake sikufuna makina. Chotsani cap, chivundikiro cha distributor, zulani kapaipi ku kabureta, yamwani ndi pakamwa, muone ngati mbale ikusuntha, kenako tsekani ndi lilime, mbaleyo ikhale pomwepo mpaka mutasiya. Ngati mukungokoka mpweya osatha ndiye kachikopa kabooka, ndipo pokhapa m'pamene makaniko wa msomali uja amanena zoona kuti kakuba mpweya, koma mankhwala ake ndi kugula kachitini kena osati kutseka.

Tsono pogula muwerenge manambala. Pathupi la distributor pali nambala yodindidwa, MGB zoyambirira zinali ndi Lucas 25D4 nambala 40897, kenako cha m'ma 1974 anasinthira ku 45D4. Kachitini nakonso kali ndi yake, ngati 5-13-10, kutanthauza kuti kamayamba kukoka vacuum ikafika mainchi 5 pa geji yoyezera vacuum, kamamaliza pa 13, ndipo kamawonjezera madigiri 10 a distributor omwe ndi 20 ku crankshaft poti distributor imazungulira theka la liwiro la injini. Madigiri 20 si masewera. Kunja ma 25D onse amafanana, ndi chifukwa chake ya Land Rover imanamiza anthu, koma masipuling'i ndi cam za mkati anazipangira injini ya 2.25 yoyenda pang'onopang'ono yokoka katundu.

China chomwe chimasokoneza ngakhale amakaniko odziwa ntchito ndi komwe kapaipi kamalumikizidwa. MGB zakale zimatenga vacuum pa kabowo ka pa kabureta ya SU pafupi ndi m'mphepete mwa chitseko, galimoto ikangoima ikulira kabowoko kamakhala kunja kwa chitseko ndiye palibe chokoka, kamayamba mukangoponda. Zina za m'ma 1970 zimatenga pa manifold, paipi yolowetsa msanganizo mu injini, pomwe vacuum ilipo yambiri ngakhale pa idling. Kachitini kopangira mbali ina mukakalumikiza kwina, idling imakwera kapena kumangosinthasintha, munthu n'kuyamba kupotokola makabureta osalakwa tsiku lonse. Ndipo amene mumaitanitsa zida zakale pa intaneti kuchokera ku America samalani, malamulo a utsi atayamba kumeneko mu 1968 magalimoto ena ngati Triumph TR6 anawaika tizitini tochedwetsa moto m'malo mofulumiza.

Kusintha kwenikweniko sikovuta. Zungulizani injini mpaka silinda yoyamba, ya kufupi ndi rediyeta, ifike pamwamba mavalavu onse ali otseka, muone komwe rotor, kamkono kozungulira ka pansi pa cap, kaloza, jambulani ndi foni. Kunsi kwa distributor kuli mano awiri omwe sali pakatikati, ndiye imalowa mbali imodzi yokha, ikakana osamenya ndi hamala, zungulizani rotor mpaka ikhale yokha. Mawaya a mapulagi ndi 1-3-4-2 motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi. Mpata wa mapointi ndi 0.015 ya inchi, ndipo muyambe mwaika umenewu musanagwire taimingi chifukwa mpata ukasintha taimingi imasinthanso. Bawuti ya clamp osamanga ndi mphamvu zonse, thupi lija ndi la aluminiyamu limang'aluka. Amene mukufuna kuika ya electronic yopanda mapointi, ndi yabwino ine sinditsutsa, koma yambani mwaona batire, MGB za 1967 kubwerera mmbuyo zinatuluka waya wa positive wa batire utalumikizidwa ku bodi, mukalumikiza mosemphana kachidako kapsa nthawi yomweyo.

Poika taimingi ndi nyale ija yophethira, kapaipi kazulidwe ndipo mbali ya injini itsekedwe kaye, pomwepa pokha ndi pomwe sikuluwu ili ndi chilolezo. Buku la MGB zoyambirira limati madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba injini itazima, koma bukulo analembera petulo wa mtovu wa ku England wa nthawi imeneyo, wathu kuno ndi wopanda mtovu komanso wosakaniza ndi ethanol, ndiye nambala ya m'buku ikhale poyambira chabe. Bwezerani kapaipi, pezani kachitunda, ikani giya 4 pa liwiro lochepa n'kuponda, mukamva kugogoda ngati timisomali m'chitini bwezani moto mmbuyo pang'ono muyesenso. Pa 25D pali kanati kopota ndi zala pambali kochitira zimenezi popanda sipanala.

Akonzi, anyamata ambiri omwe akuphunzira umakaniko pano akukulira pa magalimoto a kompyuta, distributor ya mapointi ena sanaigwirepo. Chonde patsamba lanu la zamagalimoto muzifunsako amakaniko achikulire omwe anagwira ma Land Rover ndi ma Peugeot 404 afotokoze zinthu ngati izi, pamodzi ndi zithunzi zake.

Wokonda magalimoto akale,
Blantyre